Funso likati tenga mbali, tengani mbali abale

Pali chiganizo chimodzi chomwe ndikangochiona kumapeto kwa essay ya mwana wa ku koleji ndimadziwiratu kuti malikisi apita, chija chakuti "pomaliza, nkhaniyi ili ndi ubwino wake komanso kuipa kwake, choncho boma liganizepo bwino." Aaa abale, boma liganizepo chani? Lekichala sanafunse boma, wafunsa inuyo kuti mukuti bwanji, nde mwadya mapeji anayi athunthu osamuyankha.

Ine ndimawerenga ma asayimenti ambiri a ana akwathu, ena ali ku Zomba, ena ku Bunda, ena ku Mzuzu, amanditumizira pa WhatsApp pakati pa usiku pomwe tsiku lopereka ndi mawa mmawa, ati "ankolo tangoonaniko galamala." Galamalayo nthawi zambiri imakhala ilibe vuto lenileni, mwina ma comma ochepa basi. Chomwe chimasowa ndi mwini wake wa essay. Umawerenga ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu, munthu akungokuuza kuti ena amati chakuti pomwe ena amati chakuti, mpaka kumapeto osadziwa kuti iyeyo waima pati.

Sindikuwanyoza ayi, chifukwa ndikudziwa komwe zimachokera. Tinakula tikuuzidwa kuti mwana sayankha akuluakulu, ukatsutsa pagulu ndiwe wamwano, ndipo ku sekondale manotsi ambiri timaloweza ali m'magulu awiri, ubwino usanu uku kuipa kusanu uko, ukalemba zonse khumi malikisi ako onse watenga. Nde munthu wotere akafika chaka choyamba nkupatsidwa funso loti atenge mbali ndi kuiteteza, mtima umamuuza kuti kukhala pakati ndi ulemu komanso ndi nzeru. Pomwe kwa wochonga, kukhala pakati ndi kuthawa ntchito. Taganizani pabwalo la a mfumu, mlandu wa malire a munda, mwatenga malume anu kuti akakuyankhulireni nde iwo aimirira nkunena kuti "zoona mphwangayu ali ndi mfundo, koma anzathuwanso ali ndi mfundo, a mfumu muone umo mungachitire." Mungabwerere nawo limodzi kunyumba malume amenewo? Essay ya mtsutso ndinu woyankhulira mbali imodzi, woweruza ndi wowerenga.

Kulankhula m'malere sikuthandiza, nde tiyeni titenge funso lenileni lomwe limabwerabwera m'makalasi a zachuma, zaulimi ngakhale aja ophunzitsa kalembedwe a chaka choyamba: kodi boma lipitirize kugulitsa feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono kapena lisiye? Ndasankha limeneli dala chifukwa palibe Mmalawi amene alibe maganizo pa makuponi, ngakhale amene sanagwirepo khasu, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi anthu ophunzira kwambiri kumbuyo kwake, nde simungapambane pongokuwa.

Musanasankhe mbali muyambe mwaidziwa nkhaniyo, apa ndi pomwe ambiri amadumpha. Pulogalamu ya makuponi yomwe timaidziwa kuti FISP inayamba m'nyengo ya ulimi ya 2005/06 nthawi ya Bingu wa Mutharika, dziko litangotuluka mu chilala chomwe chinasiya anthu mamiliyoni akudikira chimanga cha thandizo. Isanabwere imeneyo kunali Starter Pack ya 1998 nthawi ya a Muluzi, timapaketi tating'ono ta feteleza ndi mbewu taulere. Ya Bingu inali yaikulu: mlimi amalandira makuponi a matumba awiri a makilogalamu 50, limodzi lokulitsa lina lobereketsa, kuphatikiza mbewu, ndipo pofika 2009 thumba limagulidwa K500 yokha. Mabungwe ena otithandiza, kuphatikizapo World Bank, poyamba sanaikonde nkhaniyi. Koma ziwerengero za boma zinaonetsa chimanga chikukwera kuchoka pa matani pafupifupi 1.2 miliyoni mu 2005 kufika kupitirira 3 miliyoni mu 2007, mpaka tinagulitsako chimanga ku Zimbabwe, dziko lonse lapansi nkumatitchula. Mu 2020 boma la a Chakwera linasintha dzina kukhala AIP, thumba K4,495, anthu oposa 3 miliyoni, bajeti ya K160 biliyoni, makuponi a pepala nkusiyidwa kuyamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Kenako mtengo unakwera kufika K7,500, nkudzafika K15,000, chiwerengero cha opindula chikutsika chaka ndi chaka. Zimenezi ndi zomwe mbali zonse zikugwirizana kuti zinachitika. Mkangano uli pa tanthauzo lake.

Mukadziwa zimenezi nde musankhe tsopano. Ndipo kusankha sikutanthauza kungoti "eya" kapena "ayi" basi. Mwana wina analemba mfundo yake yaikulu kuti "sabuside ndi yoipa." Yoipa kwa ndani, poyerekeza ndi chani, nde tichite chani? Chiganizo chotere simungachiteteze chifukwa munthu mmodzi yekha wa ku Ntchisi amene anakolola ngolo zitatu chifukwa cha matumba awiri aja wakugwetsani kale. Mfundo yaikulu, imene alekichala amaitchula kuti thesis, izikhala yoti munthu wanzeru angathe kuitsutsa koma inu muli ndi zida zoitetezera, ndipo izinena chochita ndi chifukwa chake. Ineyo ndikanakhala kuti ndikulemba ndikanati: boma lichepetse pulogalamuyi pang'onopang'ono, feteleza wotsika mtengo azipita kwa alimi okhawo amene ali ndi malo ndi mphamvu zolimira, osaukitsitsa azithandizidwa ndi ndalama, ndipo zotsalazo zipite ku ulimi wamthirira ndi alangizi, chifukwa feteleza yekha sangatiteteze ku chilala. Mwaona kutalika kwake? Palibe vuto. Chiganizo chimenecho chakupatsani kale ndime zanu zonse, chilichonse mwalonjeza mmenemo mukuyenera kuchikwaniritsa mkatimo, chomwe simunalonjeze musachilowetse.

Mnzanu wokhala naye chipinda atha kutenga mbali inayo nkulemba kuti pulogalamuyi ipitirire ndipo ikule chifukwa kuitanitsa chimanga kunja kumadya madola ambiri kuposa kuitanitsa feteleza, nonse awiri nkupeza malikisi apamwamba kwa lekichala mmodzi yemweyo. Izi ana ambiri sakhulupirira. Amataya nthawi kufufuza kuti kodi adokotala aja amakonda mbali iti, ena mpaka kufunsa a chaka chachitatu kuti "kodi bambo aja ndi a chipani chanji" kkkk. Wochonga wabwino sakusaka munthu womuvomereza, akusaka munthu amene waganiza. Alipo ena ovuta inde, sindikukana, koma ngakhale amenewo essay yopanda mbali sawapatsa chifukwa chokukondani.

Chiganizo chimenechi chikhale kumapeto kwa ndime yoyamba, poonekera, osachibisa pa peji 3 ngati chinsinsi. Ndipo ndime yoyambayo isayambire kwa Adamu. Aja oyamba ndi "kuyambira kalekale anthu akhala akulima" kapena kutanthauzira feteleza kuchokera mu dikishonale, chonde, wowerenga wanu anabadwira m'dziko lomwelino. Ziganizo zitatu zinayi zonena kuti mkangano uli pati, kenako mbali yanu, basi lowani.

Tsopano umboni, apa nde pali ntchito. Ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi, chiganizo choyamba chinene mfundoyo, zotsatira zibweretse umboni, kenako inuyo munene kuti umboniwo ukuthandiza bwanji mlandu wanu. Gawo lomalizali ndi lomwe limaiwalika. Munthu amaponya chiwerengero nkuthawa, ngati chiwerengero chimayankhula chokha. Mwachitsanzo ngati ndikufuna kuonetsa kuti feteleza satiteteza ku nyengo, ndinena kuti mu March 2023 namondwe Freddy anakokolola minda kummwera, ndipo mu March 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, zonsezi pulogalamu ya feteleza ili mkati. Koma ndisalekere pomwepo. Ndiwonjezere kuti feteleza wothiridwa m'munda wouma ndi ndalama zotayika kawiri, za boma ndi za mlimi, nde ngati vuto lathu lalikulu likubwera ndi mvula, ndalama yaikulu izipita komwe kukuchepetsa kudalira mvulayo, monga ngalande zikuluzikulu zomwe zikukumbidwa ku Chikwawa zotenga madzi mu Shire pa Kapichira. Apo nde mwalumikiza umboni ndi mfundo yanu, wowerenga sakuchita kudzilumikizira yekha.

Mfundo yachiwiri ingakhale ya madola. Feteleza wathu pafupifupi yense amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, timalipira ndi ndalama zakunja zomwe sitikhala nazo zokwanira. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022 mitengo ya feteleza padziko lonse inakwera, kwacha nayo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 nkudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndekuti thumba lomwelo boma limaligula ndi makwacha ochuluka kwambiri, nchifukwa chake opindula amachepa pomwe ndalama yoikidwa mu bajeti sikuchepa mofanana. Mfundo yotere ndi yamphamvu chifukwa sikudalira kuti wina anaba kapena sanabe, ikuonetsa kuti ngakhale aliyense atakhala woyera mtima masamu ake ndi ovutabe.

Ndanena za kuba dala. Aliyense amene akutsutsa sabuside amathamangira nkhani ija ya 2022 ya K750 miliyoni zomwe zinalipidwa ku kampani ina ya ku UK yomwe inadzapezeka kuti ntchito yake ndi ya nyama osati feteleza. Nkhaniyo ndi yoona ndipo imakoma kulemba, munthu umamva ngati wamenya chigoli. Koma taganizani kaye, ikutsimikiza chani? Ikutsimikiza kuti kagulidwe kanali kovunda. Sikutsimikiza kuti mlimi wa ku Dowa asamalandire feteleza. Wa mbali inayo angokuyankhani kuti "mangani akubawo, pulogalamu ipitirire," nde mwatsala manja lende. Mukafuna kuigwiritsa ntchito muyenera kuonetsa kuti pulogalamu yaikulu chonchi, yogula katundu wa mabiliyoni mothamanga mvula isanagwe chaka chilichonse, imaitana yokha zinthu zoterezi. Imeneyo nde mfundo. Mkwiyo wokha si mfundo.

Chinanso, ziwerengero muzizifunsa mafunso, ngakhale zokomera mbali yanu. Matani 3 miliyoni ndatchula aja ndi ochokera ku kauniuni wa zokolola wa unduna wa zamalimidwe, ndipo akatswiri ena anawakayikira chifukwa mu 2008 mtengo wa chimanga m'misika unakwera kwambiri pomwe mapepala amati tili ndi chotsala chambiri. Komanso zaka za 2006 ndi 2007 mvula inagwa bwino, nde ndi gawo liti la zokololazo lomwe linabwera ndi makuponi, ndi liti linabwera ndi mvula? Wophunzira amene walemba funso limeneli mu essay yake, ngakhale m'ziganizo ziwiri, waonetsa kale kuti wasiyana ndi wa Fomu 4. Anthu ngati Ephraim Chirwa, amene anali katswiri wa zachuma ku Chancellor College, ndi mnzake Andrew Dorward anafufuza pulogalamuyi kwa zaka zambiri, zolemba zawo zimapezeka pa intaneti, ndipo ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO ku Zomba ili ndi malipoti a kafukufuku wa m'makomo omwe mungatsitse ulere. Bandulo yomwe mumathera pa TikTok usiku umodzi ikukwana kutsitsa zonsezo.

Nanga nkhani ya agogo anu kumudzi, ilowe kapena isalowe? Ine ndimati ilowe ngati lekichala sanaletse, koma idziwe malo ake. Kuti agogo anu anagona masiku pa depoti netiweki ikuvuta, feteleza nkudzafika chimanga chitayamba kale ngaiyaye, zimenezo zimapatsa essay moyo, wowerenga amaona munthu osati manambala okha. Koma agogo anu ndi munthu mmodzi. Nkhani yawo ibwere kudzaonetsa chinthu chomwe malipoti anena kale kuti chimachitikira ambiri, isabwere kudzalowa mmalo mwa malipotiwo.

Tsopano gawo lomwe ndimalikonda kwambiri, ndipo ndi lomwe limasiyanitsa essay ya malikisi 55 ndi ya 75: kuyankha mbali inayo. Ana ambiri akamva kuti muikemo maganizo otsutsa amasankha mfundo yofooka kwambiri ya anzawowo, yoti ngakhale mwana wa Sitandade 5 angaigwetse, monga "ena amati sabuside ndi yabwino chifukwa anthu amasangalala," nkuigwetsa nkumadziombera m'manja. Wochonga amaona zimenezo. Inu fufuzani mfundo yomwe ikukuopsani, yomwe mukuilakalaka lekichala asaiganize, imeneyo nde muiike pa tebulo nokha.

Pa mbali yomwe ndatenga ineyi, mfundo yoopsa ndi iyi. Nthaka yathu inatopa, minda ndi ing'onoing'ono, banja lambiri likulima malo osakwana hekitala imodzi chaka ndi chaka chimanga chokhachokha, popanda feteleza palibe chotuluka. Thumba la m'sitolo mlimi wamba sangalikwanitse. Mukamuchotsera lotsika mtengolo lero, ngalande zanu zamthirirazo zidzamufika liti, ndipo wa ku phiri ku Dedza kapena ku Chitipa zidzamufika nkomwe? Chaka chomwecho akolola zochepa, pofika January chakudya chatha, ayamba maganyu m'minda ya ena kusiya wake uli thengo, chaka chinacho akololanso zochepa kuposa pamenepo. Kenako boma lomwelo liyamba kusaka madola ogulira chimanga kunja, chomwe ndi cholemera kunyamula kuposa feteleza amene akanachibereka konkuno. Mwaiona? Imeneyi si mfundo yoseweretsa, ndipo amene amainena si mbuli, ambiri ndi anthu amene anaiona njala ya 2002 ndi maso awo.

Muilembe chonchi, mwachilungamo, mwakuti mwini wake ataiwerenga anene kuti eya ndi zomwe ndimatanthauza. Mukatero nde muyankhe. Yankho langa lingakhale lakuti ndi chifukwa chake sindinanene kuti ithe mawa, ndati ichepe pang'onopang'ono ndipo amene angathe kumugwiritsa bwino ntchito fetelezayo apitirize kulandira. Amene ndikuwachotsa ndi aja osaukitsitsa, okalamba, odwala, amene ngakhale ndalama yowombolera thumba lotsika mtengolo imawasowa nde amathera kugulitsa mwayi wawo kwa mavenda pa mtengo wozizira, amenewo ndalama ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, ingawathandize kuposa thumba lomwe salifikitsa kumunda. Ndipo ndivomere poyera kuti pa zaka zosinthirazo mabanja ena adzavutikadi, ndisanamizire kuti njira yanga ilibe minga. Kuvomera kotere sikugwetsa essay ayi, kumapangitsa wowerenga kukukhulupirirani pa zina zonse mwanenazo. Chachikulu nchakuti mukavomera mubwerere ku mbali yanu, osangoti mwavomera nde mwasamukira pakati paja.

Mwina mwaona kuti mfundo yanga yaikulu ija inali ndi mawu oti "pang'onopang'ono" ndi "alimi okhawo amene ali ndi malo ndi mphamvu." Mawu amenewo sabwera poyamba, amabwera munthu ukalimbana ndi mbali inayo nkuona pomwe ukuterereka. Nchifukwa chake ndime yoyamba ndi bwino kuilembanso pomaliza, thupi lonse litatha. Zimachitikanso kuti uli mkati mowerenga umapezeka wasintha mbali, unayamba ukufuna kuti sabuside ithe nkumaliza ukuiikira kumbuyo. Palibe cholakwika, bola musinthe essay yonse igwirizane, osati mutu ukuloza ku Karonga miyendo ikupita ku Nsanje.

Pa kayankhulidwe ndingonena mwachidule. Kutenga mbali si kutukwana. Mawu ngati "aliyense woganiza bwino akudziwa kuti" kapena "ndi zachidziwikire kuti" amangoonetsa kuti umboni wakutherani. Ndale za zipani zisiyeni pa Facebook, funso la feteleza ladutsa m'maboma a zipani zosiyanasiyana ndipo lililonse linaigwira pulogalamuyi ndi manja awiri chifukwa mavoti ali kumudzi, imeneyo mutha kuilemba ngati mfundo yofotokoza chifukwa chake kuichepetsa kumavuta, koma osati ngati mwayi wonyoza mtsogoleri amene simumukonda. Mbali inanso, musachite mantha mpaka chiganizo chilichonse kukhala ndi "mwina", "kapena", "zikuoneka ngati". Pomwe muli ndi umboni nenani molimba, pomwe umboni ndi wochepa nenani kuti ndi wochepa. Za kulemba "I" kapena kusalemba, madipatimenti amasiyana, funsani mwini kosi osati gulu la WhatsApp la kalasi.

Chizungu chachikulu nacho ndi msampha. Pali ana amene amaganiza kuti essay ya ku yunivesite iyenera kukhala ndi mawu oti wowerenga atsegule dikishonale, nde chiganizo chimodzi mizere isanu ndi umodzi, ukafika kumapeto waiwala kuti chinayamba ndi ndani. Njira yomwe ndimawauza ndi yoti mfundo yako yaikulu uyambe wainena m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka, m'Chiyao, chilichonse chomwe umaganizira, kwa munthu amene sali m'kalasi mwako, mlonda wa pa hositelo kapena mayi ogulitsa mandasi pa geti. Ngati sungathe kuwauza m'ziganizo ziwiri iwo nkumva nkukutsutsa, ndekuti iwenso sunaimvetse, Chizungu chikungokubisira. Ndipo pa nkhani ya makuponi amenewo akutsutsadi, mwinanso kuposa lekichala.

Za kutchula komwe mwatenga mfundo, kaya ndi APA kaya Harvard, tsatirani yomwe mwauzidwa ndipo muzilemba tsamba ndi chaka nthawi yomwe mukuwerengayo, osadikira usiku womaliza kuti muyambe kusaka kuti chiwerengero chija munachiona kuti. Chiwerengero chopanda gwero mu essay ya mtsutso chili ngati palibe. Nde pali ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti ija imalembera anthu zomwe aifunsa. Sindinama kuti ana sakuigwiritsa ntchito, ndimaizindikira ndikangowerenga ndime ziwiri, chifukwa imakonda kwambiri chinthu chomwe ndikudandaula pano, kuyala mbali zonse bwinobwino nkumaliza ndi kuti pakufunika kulinganiza. Choopsa china nchakuti imatha kupeka mabuku ndi mayina a akatswiri omwe kulibe, inu nkuika mu essay, lekichala amene wathera moyo wake pa nkhani yomweyo nkuona dzina lomwe sanalimvepo. Ngati sukulu yanu ikulola, ifunseni kuti ikutsutseni, muiuze mbali yanu nkuipempha mfundo zamphamvu za mbali inayo, kenako mupite mukazitsimikize nokha m'malipoti enieni. Kulemba kokha lembani nokha.

Ndime yomaliza isakhale kubwereza ndime yoyamba mawu ndi mawu, komanso isabweretse mfundo yatsopano yomwe simunaiteteze. Inene kuti popeza taona zakutizakuti, chomwe chikuyenera kuchitika ndi ichi, achite ndi uyu. Pa chitsanzo chathuchi ndingatchule unduna wa zamalimidwe ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo amene amavomereza bajeti, ndinene kuti gawo la ndalama za feteleza liyambe kusunthira kwa alangizi ndi mthirira chaka ndi chaka, ndipo mndandanda wa opindula ugawidwe pawiri, olima ndi ofunika ndalama. Zooneka, zoti munthu angathe kunena kuti zachitika kapena sizinachitike. Ndipo ngati malire ndi mawu 1,500 musapereke 2,300 poganiza kuti muonetsa khama, dulani, yambani ndi ndime ija munaikonda kwambiri koma sikukhudza mfundo yanu yaikulu, kawirikawiri imakhala ya mbiri ya ADMARC.